Chimanga cha Ng'ombe pa Windo la a Russ

Ogasiti 2011, Lawrence

"Wapenga iwe? Ukudyetsa anthu chakudya cha ng'ombe pa windo langa!"

Anakuwa chomwecho ndi a Russ, bwana wanga, Lamlungu lina masana. Anali ataima pakati pa kanjira kolowera magalimoto, nkhope itafiira ngati tomato wa ku Ntcheu, m'manja muli chimanga chowotcha chimene kasitomala wina anangolumako kamodzi n'kuwaponyera. Kumbuyo kwawo magalimoto asanu ndi awiri akuliza mahutala. Kumbuyo kwanga Amalawi oposa khumi atavala za kutchalitchi, atazungulira mbaula, aliyense chimanga chili kukamwa koma kutafuna kutaima.

Munthu wanzeru akanakhala chete. Ine ndinayankha, m'Chingerezi changa cha Fomu Folo chimene chimatuluka bwino kwambiri ndikapsa mtima. Ndinati, "Ndiye kuti ng'ombe zakuno zimadya bwino kuposa inuyo."

A Russ anasiya kukuwa. Anangoti, "Mawa seveni koloko undibweretsere makiyi anga." Anakwera pikapu yawo n'kumapita.

Tadala ndi Yankho, ana anga, chaka chatha adokotala anandiimitsa ntchito chifukwa cha mawondo ndi chifuwa, ndili ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi zokha, ndipo kukhala pansi ndilibe nako luso. Ndiye ndikulemba. Chichewa mumachimva ngakhale mumandiyankha m'Chingerezi. Werengani pang'onopang'ono, pokuvutani afunseni amayi anu. Kusukulu anzanu ankakusekani kuti bambo anu amagwira ntchito m'kati mwa chimanga. Zinali zoona, ndipo manyazi ndilibe nazo. Koma simudziwa kuti ntchito imeneyo inatsala pang'ono kundipulumuka iwe Yankho uli m'mimba miyezi isanu ndi iwiri, amayi anu ali chaka chomaliza cha sukulu ya unesi, m'nyumba monse wogwira ntchito ndili ndekha. Kuti mumvetse za tsiku limenelo, ndiyambe ndi nyumba yanga yoyamba yodyedwa.

2003 mpaka 2005, South Bend

Ndinafika kuno ku Amereka mu Malichi, kukuzizira ngati m'filiji ya kubutchala. Amalawi onse amene ndinawapeza ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo anandipezera malo msanga. Ndinatha masabata awiri. Ntchito imeneyo imafuna munthu wa mawu ofewa, ine mawu ofewa Mulungu sanandipatse. Tsiku lina ndili m'basi ya mumzinda, ndikuchokera kofunsa ntchito kumene sanandilembe, ndinaona ayisikirimu wamkulu ngati nkhokwe ataima m'mbali mwa msewu. M'munsi koni yachikasu, pamwamba denga loyera lopotanapotana, kunsonga kachipatso kofiira. Ndinayesa njala ikundionetsa zinthu. Ndinatsika pa siteji yotsatira n'kubwerera wapansi, ndipo ndinapeza kuti ndi nyumba, ili ndi windo, pa windopo pali pepala lofuna wantchito.

Mwini wake anali mayi Dolores, mzimayi wamasiye wowonda, wosuta fodya ngati uvuni wa njerwa. Nyumbayo anamanga ndi malemu amuna awo. Ndinawafunsa chifukwa chomangira chinthu chopusa chotere m'malo mwa kanyumba ka makona anayi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Munthu wothamangitsa galimoto sawerenga chikwangwani. Koma mwana wokhala kumbuyo amaona koni ali kutali, n'kuyamba kulira. Nyumbayi ndiye chikwangwani changa." Mawu amenewo ndinawasunga. Ku Lizulu mayi wogulitsa kabichi salemba kanthu, amangounjika kabichi mpaka m'chiuno kuti wa pa basi aone. Azungu anangotenga nzeru yomweyo n'kuimangira maziko.

Kunja nyumba zoterezi zimaseketsa, m'kati zimaliza. Khoma ndi lozungulira, shelefu iliyonse imasiya mpata kumbuyo kumene masipuni amagwera. Ukaweramuka mwadzidzidzi mutu ugunda denga. Mu Julaye makina ankatentha n'kuyamba kutulutsa phala m'malo mwa ayisikirimu, ndiye ndinkawafunditsa mataulo onyowa ngati wodwala malungo, mzere wa anthu uli mpaka kumsewu. Masiku ena mkaka wosakaniza unkatha galimoto yobweretsa isanafike, ine n'kumauza ana kuti lero kuli madzi oundana okha. Okutobala akafika tinkakhoma, n'kukasaka maganyu ochotsa sinowo mpaka Epulo. Komabe ntchito ndinaidziwa. Koni imodzi ndi kuzunguliza dzanja katatu ndi theka, kenako kukoka kuti pamwamba pasongoke. Mayi Dolores ankati zanga zinkaima mowongoka kuposa zawo.

Chinandichotsa ndi basela. Panali dalaivala wina wa basi amene ankabwera tsiku lililonse, ndi mayi wina wa ana anayi amene sankajomba Lachisanu. Kwathu munthu wotere sungamupatse muyeso wofanana ndi wa mlendo wongodutsa. Ndinagulitsapo mu gulosale ku Limbe, ndikudziwa: kasitomala wako umamuwonjezera kadzanja, ndiye amabweranso. Choncho kwa anthu amenewa ndinkazunguliza kanayi ndi theka. Tsiku lina ndinapeza mayi Dolores ataika sikelo pambali pa makina. Anandilanda koni ya dalaivala uja m'manja, n'kuiyeza iye akuona.

Ndinawafotokozera za basela. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Kwanuko mwina lili ndi dzina lokoma. Kuno timati kuba."

Ana anga, ine munganditchule wamwano, wosaphunzira, wamakani, ndivomera. Koma wakuba ayi. Ndinavula epuloni n'kuiviika mu ndowa ya chokoleti, n'kuwauza mawu amene sindilemba pano chifukwa bukuli adzawerenganso adzukulu. Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba. Amayi anu anali atangofika miyezi itatu, iwe Tadala uli kumsana. Anakhala masiku atatu osandiyankhula. Tsiku lachinayi akundipatsa tiyi anati, "Abambo a Tadala, pakamwa panupo padzatigoneka panja. Ndipo kuno panja ndi pa sinowo." Ndinawalonjeza kuti sindidzatayanso ntchito chifukwa cha lilime.

2006 mpaka 2010, Indianapolis

Tinasamuka chifukwa amayi anu anapeza ntchito ku Beech Grove. Ine ndinanyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu kwa chaka, msana n'kuyamba kuyankhula. Mu Epulo 2007 ndikudraiva kumbali ya Lawrence ndinaona chimanga chitaima chilili m'mbali mwa msewu, chachitali kuposa nyumba yosanja kamodzi. Makoko obiriwira atasendedwa mpaka pakati, njere zachikasu iliyonse kukula ngati beseni, pamwamba ndevu za zingwe zikuuluka ndi mphepo. Pamakwerero panali mzungu wamtali wa mimba yotsogola, akupenta njere imodzi n'kumatukwana mavu. Ndinaimika galimoto n'kumugwirira makwerero osapemphedwa. Atatsika anandifunsa ngati ndimadziwa chimanga. Ndinaseka. Kufunsa Mmalawi ngati amadziwa chimanga! Amenewo ndiwo anali a Russ.

Chimene ankagulitsa ndi chimanga chotsekemera cha kuno chija. Umachiphika mumphika waukulu, kuchibaya pa kamtengo, kuchimiza mu batala wosungunuka mpaka chizidontha, n'kuchipereka pa windo. Nditachilawa koyamba ndinafuna kulavula. Madzi a shuga okhaokha, chopanda chotafuna, chakudya cha mwana amene sanamere mano. Koma ndinakumbukira lonjezo langa, ndinameza n'kunena kuti chili bwino. Zaka zinayi ndinagulitsa chinthu chimene ndinkachinyoza mumtima, ndipo ndinachigulitsa mokhulupirika.

A Russ anali munthu wachilungamo, ndiyenera kunena. Anayendetsapo mathiraki zaka zambiri, ndipo nyumba ya chimanga ija anaigula kwa anthu a zionetsero, n'kuikoka okha pa ngolo. Inali ya pulasitiki yolimba ija amapangira maboti. M'kati munthu mmodzi yekha ndiye ankakwana bwino, awiri mumayenera kupepesana podutsana. Nthunzi ya mphika inkakwera kunsonga, kuzizira, n'kumakudonthera m'khosi tsiku lonse. Epulo aliyense ndinkapenta njere zonse ndekha, ndipo mavu a m'ndevu zija anandiluma mpaka tinazolowerana. Chaka chachiwiri a Russ anandipatsa makiyi, iwo n'kumangobwera Lolemba ndi Lachisanu. Lamulo lawo lalikulu linali limodzi, ankalibwereza ngati pemphero: galimoto isaime pa windo kupitirira mphindi imodzi. Kuno munthu satsika. Amatsitsa galasi, kuoda, kulandira, kupita. Ngakhale moni amakupatsa galimoto ikuyenda.

Ogasiti 2011, chimanga chenicheni

M'nyengo yotentha yakuno, chimanga chatsiku ndinkakatenga ndekha m'mawa uliwonse kwa mlimi wina, a Walt, kunja kwa mzinda. Chotsekemera chija ankalima kadimba kakang'ono pafupi ndi nyumba. Kuseri kwake kunali munda wosaoneka malire, mapesi aatali kundiposa, zitsononkho zonenepa ngati mkono. Zaka zinayi ndinkauyang'ana munda umenewo. M'mawa wina ndinalephera kupirira, ndinafunsa.

"Chimenecho si cha anthu," anatero a Walt. "N'cha ng'ombe, nkhumba, ndi chopangira mafuta a galimoto."

Ndinalowa m'mundamo, ndinasenda chimodzi, n'kudinda njere ndi chikhadabo. Munatuluka mkaka wolimba, osati madzi. Dowe weniweni, wofika pake penipeni, sabata imodzi m'mbuyo akanakhala wanthete, masabata atatu kutsogolo akanakhala wa kuchigayo. Ndinawauza a Walt kuti kwathu anthu amathamangitsa basi chifukwa cha chimanga chotere. Anaseka mpaka kugwira tayala la thirakitala, n'kunena kuti nditenge chimene ndingathe kunyamula, ng'ombe sizidandaula.

Ndinapeza limu yakale ya tayala la galimoto, ndinaiikira miyendo ndi waya pamwamba, mbaula yatha. Masana amenewo, magalimoto atachepa, ndinayatsa makala kuseri kwa chimanga cha a Russ n'kuwotcha chimodzi. Chinali changa ndekha, Mulungu ndi mboni. Ndinachitembenuza mpaka njere zinayamba kuthetheka, ndinapaka ndimu ndi mchere wa tsabola. Nditaluma, nsagwada zinakumbukira ntchito yake.

Ndili pakati pa kukukuta, panaima galimoto. Anatsika a Mbewe, mkulu wa mpingo wathu wa Amalawi, amene ankagwira ntchito yokankha odwala pa chipatala. Ankangodutsa, galasi lili lotsitsa, fungo n'kuwakoka.

"Achimwene, kodi ndikulota? Chimenechi mwachitenga kuti?"

"Kwa ng'ombe," ndinatero.

Ndinawathyolera theka. Anadya ataimirira, yunifolomu ikugwera makala. Atamaliza anayang'ana chitsononkho mbali zonse ngati mwina njere ina yabisala, kenako anatulutsa foni. Ndinawauza kuti asauze anthu. Anati, "Ayi, ndingowaimbira amayi kunyumba basi." Inu mukuwadziwa amayi a kwa a Mbewe. Lamlungu lotsatira kunabwera anthu asanu ndi mmodzi potuluka m'tchalitchi. Linzake khumi. Ena anadraiva kuchokera ku South Bend, maola oposa awiri, chifukwa cha chimanga chowotcha. A Russ sindinawauze. Ndinkati dowe ndi wa masabata atatu okha, adzatha nkhani isanafike kwa iwo.

Vuto la Amalawi pa chimanga ndi ili: sitigula pa windo. Timatsika. Ndipo potsika timaimika galimoto pamene yaimirapo, ndiye anthu anga ankaimika m'kanjira komwe ka makasitomala. Akatsika ayambe moni, munthu mmodzimmodzi. Mwaswera bwanji, kunyumba kuli bwanji, nanga ana, nanga mwendo uja. Kenako asankhe chimanga ndi manja awo, achidinde ndi chikhadabo, achibweze, atenge china, achiike okha pamoto, akangane za amene akutembenuza msanga. Mphindi imodzi ya a Russ kwa ife siikwana ngakhale moni.

Lamlungu lachitatu ndilo la mkangano. Ndinkathamanga pakati pa windo ndi mbaula, thukuta mpaka m'nsapato. Ndinakuwa kawiri kuti achotse magalimoto, a Mbewe n'kuyankha kuti, "Tikuchotsa, achimwene, chingopsa mbali iyi." Pa windo panafika bambo wina wa pikapu yokoka boti, atadikira kale nthawi yaitali, n'kuoda zitatu. Mumphika munatsala ziwiri zakupsa. Ndinathamangira ku mbaula, ndinasankha chabwino koposa zonse, chofiirira mbali zonse, ndinachikulunga m'khoko lake n'kumupatsa chachitatu. Mumtima mwanga ndinkati ndikumupepesa ndi chinthu chapamwamba. Analuma kamodzi, anachiyang'ana, n'kukuwa kuti iye anakulira pa famu, chimenechi amachidziwa, bambo ake ankadyetsa nkhumba. Anaimba nambala yolembedwa pakhoma. A Russ ankakhala pafupi, ndipo atafika anakalipa za moto, za magalimoto, za bambo uja ndi za kuwabisira. Zotsalazo mwawerenga kale.

Pikapu ya a Russ itapita, anthu anayamba kuchotsa magalimoto mwakachetechete, zimene ndinawapempha ola lathunthu. A Mbewe anatsalira. Anandigwira phewa n'kunena kuti, "Musadandaule, achimwene. Mwawayankha bwino, atizolowera. Asiyireni chimanga chawo chapulasitikicho. Tikupezerani malo kuseri kwa tchalitchi, muziwotcha mwaufulu."

"Kwa masabata atatu pa chaka?" ndinafunsa. "Miyezi inayo ana anga azidya ufulu?"

Anatenga chimanga chimene chinatsala pamoto n'kumapita.

Ndinafika kunyumba dzuwa likadali m'mwamba. Amayi anu anali akusita yunifolomu ya kusukulu, atakhala pa mpando chifukwa miyendo inali itatupa. Nkhani inali itawapeza kale, foni za Amalawi zimathamanga kuposa galimoto. Sanakweze mawu. Akanakuwa ndikanawayankha, ndiye ankadziwa.

"Akufayani?"

"Akuti ndikapereke makiyi mawa."

"Moto unali kutali bwanji ndi khoma?"

"Mapazi atatu. Mwina anayi."

"Khomalo n'la chiyani?"

"Pulasitiki."

"M'kati muli chiyani?"

"Gasi wa mphika."

"Ndiye wopenga ndani pamenepa, abambo a Tadala?"

Ndinati nkhani si moto, nkhani ndi yoti munthu uja wanyoza chakudya chimene chinandilera, pamaso pa anthu a kwathu. Anatembenuza malaya n'kupitiriza kusita. "Ku South Bend munanenanso kuti nkhani si sikelo. Munandilonjeza. Ine ndatsala ndi miyezi isanu ndi inayi kuti ndimalize, mwanayu watsala ndi iwiri kuti afike. Mukapepese, mbaula ija mukataye, nkhani ithe."

"Kupepesa ndikapepesa pamene ndalakwa. Mbaula sinditaya."

Anaimika simbi. "Ndiye musankhe, chimanga kapena ife."

Limenelo ndilo linali funso lovuta pa moyo wanga wonse wa ntchito. Ndinatuluka n'kukakhala pa masitepe. Kutaya mbaula kunali kosavuta, limu yakale yokha. Koma ndinadziwa kuti ndikakagwada n'kuvomera kuti chimanga chathu n'cha ng'ombe, ndidzabwerera m'kati muja ndi mwala pamtima, ndipo tsiku lina mwalawo udzatulukira pakamwa, pa kasitomala wina wosalakwa, n'kuchotsedwabe ntchito. Ndimadzidziwa. Komanso ndinawerenga zala: pa moto a Russ ankanena zoona, pa magalimoto ankanena zoona, pa kupatsa munthu chimene sanaode ankanena zoona, pa kuwabisira ankanena zoona. Zinayi. Ine ndinali ndi chimodzi chokha: munthu uja anaweruza chimanga chimene sanachilawe. Ndinabwerera m'nyumba n'kuwauza amayi anu kuti makiyi ndikapereka ngati awafunadi, ndipo sindikakweza mawu ngakhale anditukwane. Koma alume kaye.

"Inu osakweza mawu?" anatero. "Ndiye nditumize uthenga kumudzi kuti aphe mbuzi."

Lolemba m'mawa

Kutangoyera ndinali kwa a Walt. Ndinatenga chotsekemera cha tsikulo monga mwa masiku onse, ngati munthu amene ntchito akadali nayo, kenako ndinalowa m'munda waukulu n'kusankha ziwiri zokha. Ndinadinda zoposa makumi awiri kuti ndipeze ziwirizo.

Pofika sikisi koloko ndinali pa ntchito. Chitseko sindinatsegule. Ndinakoka mbaula kuichotsa kuseri kuja, ndinayenda mapazi makumi atatu kufika kumapeto kwa bwalo, pa miyala popanda udzu, n'kuiika pamenepo. Pambali pake ndowa ya madzi ndi chozimitsira moto cha m'galimoto yanga. Ndinatenga chingwe ndi njerwa n'kudula malo oimikapo magalimoto kutali ndi kanjira ka pa windo. Pa katoni ndinalemba ndi penti yotsala ya njere zija, m'Chingerezi: CHIMANGA CHOLIMBA CHA KU MALAWI. CHIMAFUNA MANO. TSIKANI M'GALIMOTO. Kenako ndinayatsa makala, ndinakupiza mpaka utsi unatha n'kutsala moto wofiira, ndipo ndinaika ziwiri zija. Sindinawotchepo chimanga mosamala chotero, ngakhale cha apongozi.

Seveni koloko yeniyeni pikapu inalowa. A Russ anatsika, anayang'ana chingwe, ndowa, katoni, mbaula. Anayang'ananso mtunda wochokera pa mbaula kufika pa khoma, milomo ikuyenda, akuwerenga mapazi. Kenako anatambasula dzanja.

Ndinaika makiyi pa boneti ya pikapu. M'dzanja lawo lija ndinaikamo chimanga, chili m'khoko lake, chikufuka.

"Pa moto ndinalakwa," ndinatero. "Pa magalimoto ndinalakwa. Pa bambo wa boti uja ndinalakwa, ndipo pokubisirani ndinalakwa. Mawu a ng'ombe aja sindinayenere kuwanena pagulu. Za chilolezo cha mbaula ndikafunsa ndekha ku ofesi, akakana ndiitaya. Koma pa chimanga sindinalakwe. Lumani, kenako mundichotse."

"Ndinakuuza kuti ubweretse makiyi, osati kadzutsa."

Ndinakhala chete. Ana anga, kukhala chete kumeneko kunandipweteka kuposa mavu onse a m'ndevu zija.

A Russ anachitembenuza, ananunkhiza, analuma. Anatafuna nthawi yaitali, nsagwada zikugwira ntchito imene sizinaizolowere, maso ali kumsewu. Anameza. Analumanso. Atafika pakati pa mzere wachitatu anayang'ana chinzake chili pamoto n'kufunsa kuti nanga icho n'cha ndani.

"N'chanunso. Kwathu timati basela."

Sanafunse tanthauzo. Anachotsa kakhungu ka njere m'mano ndi chala, n'kunena kuti, "Chauma. Chikufunika batala."

Batala pa dowe wowotcha! Nthawi yomweyo yankho linakwera kuchokera m'mimba, lotentha, lokonzeka bwino, linafika mpaka kuseri kwa mano. Ndinaona amayi anu atakhala pa mpando uja ndi miyendo yotupa. Ndinalimeza.

"Batala ali m'kati," ndinatero. "Ndipo chitseko n'chokhoma."

A Russ anayang'ana chitseko, anayang'ana makiyi ali pa boneti, n'kulumanso chimanga. Ndinadikira kuti awatenge. Sanawatenge, manja onse awiri anali pa chitsononkho.

Ndinatola makiyi, ndinatsegula chimanga chachikulu, ndinayatsa mphika wa tsikulo. Kenako ndinatuluka ndi batala, ndipo ndi dzanja langa lomwe ndinamupaka pa dowe wabwino koposa amene ndinawotchapo m'dziko lino.